MBIRI YA MAWU OTCHULIRA ZITSULO M'CHICHEWA: KUCHOKERA PA NG'ANJO MPAKA KU MGODI

Mawu Oyamba

Mwa mawu onse amene omasulira nkhani za sayansi amakumana nawo, ndi ochepa amene asenzetsedwa katundu wolemera ngati mawu oti "chitsulo". Khasu ndi chitsulo, msomali ndi chitsulo, sefuliya ndi chitsulo, waya wa magetsi ndi chitsulo, ndipo ngakhale chipolopolo cha mfuti chimatchedwanso chitsulo. Komatu mmisiri aliyense amadziwa kuti zinthu zimenezi n'zosiyana. Khasu limachita dzimbiri pamene sefuliya siichita, waya wa magetsi ndi wofiira ndiponso wofewa, pamene chipolopolo n'cholemera kuposa kukula kwake. Chingerezi chili ndi mawu atatu, "iron", "steel" ndi "metal", pamene Chichewa cha masiku ano chimangoti chitsulo.

Poona zimenezi, anthu ena amafulumira kunena kuti Chichewa n'chosauka pa nkhani za luso. Mbiri ikutsutsa maganizo amenewa. Eni chiyankhulochi adali akatswiri oyenga ndi kusula kwa zaka mazana ambiri, ndipo ntchito iliyonse ya pa ng'anjo idali ndi dzina lake. Mawuwo adayamba kuiwalika pamene ng'anjo zidazima. Nkhani ino ikulondola m'mene mawu otchulira zitsulo adabadwira, m'mene ena adatayikira ndi m'mene ena adalowera kuchokera ku ziyankhulo zina, pofuna kuthandiza amene akukonza mawu atsopano.

Dziko la Oyenga Chitsulo

Ntchito yoyenga chitsulo m'dziko la Malawi ndi yakale kuposa ufumu wa Kalonga. Wofukula za m'mabwinja K. R. Robinson, amene adagwira ntchito yake m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, adapeza mapale ndi zotsalira za ntchito ya chitsulo ku Nkope m'boma la Mangochi ndi pa phiri la Phopo m'boma la Rumphi. Zinthuzi zidasonyeza kuti anthu a kumeneko ankadziwa kale chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Amaravi, amene adafika pambuyo pake, adakuza lusoli. Pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene padali likulu la Kalonga, Yusuf Juwayeyi adafukula zipangizo zachitsulo, zinthu zamkuwa, mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China, ndipo adafotokoza zonsezi m'buku lake la m'chaka cha 2020.

Ngakhale mayina a mitundu amakumbutsa za ntchito imeneyi. Akuluakulu ena amati dzina loti Maravi, limene lidabala dzina loti Malawi, lidachokera ku malawi a moto wa ng'anjo amene ankaoneka usiku, pamene ena amalozera ku kunyezimira kwa nyanja dzuwa likamatuluka. Momwemonso alipo amene amalumikiza dzina la Amang'anja ndi ng'anjo, ena ndi nyanja. Kaya loona ndi liti, n'zoonekeratu kuti anthu ankadziona okha ngati mtundu wa oyenga.

Alendo nawonso adachitira umboni. António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene adadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa m'chaka cha 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, adalemba za ng'anjo zawo ndi za makasu amene ankagulitsidwa m'midzi ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi. David Livingstone atafika ku mapiri a m'dera la Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja akuyenga chitsulo ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi, singano ndi zigwinjiri. Khasu lidali chida cholimira, komanso lidali chuma chosinthanitsa ndi mchere, nsalu ndi ziweto, ndiponso cholipirira milandu.

Mawu a pa Ng'anjo ndi pa Chipala

Luso lotere silikadakhala lopanda mawu ake. Malo okumba miyala ya chitsulo kapena dothi loumbira mbiya ankatchedwa "mtapo", mawu ochokera ku mneni woti "kutapa". Mwala weniweni wokhala ndi chitsulo unali "nthale", mawu amene abale ake amapezeka m'ziyankhulo zambiri za Chibantu, monga "utare" m'Chishona. Ng'anjo idali nyumba yadothi yoyengeramo nthale ndi makala, ndipo zinyalala zimene zinkasungunuka n'kuuma ngati mwala zidali "mphala". Chitsulo chikatuluka m'ng'anjo chinkapita ku "chipala", kumene wosula ankakoleza moto ndi "mvukuto" wachikopa, n'kugwira chitsulocho ndi "mbaniro" pochimenya ndi nyundo. Motero kuyenga, kuvukuta, kusula ndi kunola zidali ntchito zinayi zosiyana, ndipo kamwana ka m'mudzi wa osula sikadakazisokoneza.

Kafukufuku wa ku Kasungu adathandiza kumvetsa bwino ntchitozi. M'zaka zoyambirira za m'ma 1980, Nikolaas van der Merwe, Donald Avery ndi David Killick adacheza ndi nkhalamba zimene zidagwirapo ntchito ya pa ng'anjo pa unyamata wawo, ndipo kwa Chulu nkhalambazo zidayenganso chitsulo alendowo akuona. Ng'anjo za kumeneko zidali zazitali kuposa munthu, ndipo zinkakoka mpweya zokha kudzera m'mipope yadothi yoikidwa m'munsi, popanda mvukuto. Chotulukamo chinkayengedwanso m'kang'anjo kakang'ono ka mivukuto. Oyenga ankamanga misasa kutchire, ankakwirira mankhwala pansi pa ng'anjo, ndipo ankasala kukhala malo amodzi ndi akazi awo mpaka ntchito itatha. Zina mwa ng'anjo zimenezi zikadaimabe m'nkhalango ya Kasungu.

Pali mfundo imodzi ya sayansi imene omasulira ayenera kuisamala. Chitsulo chenicheni chimasungunuka pa madigiri 1,538, pamene ng'anjo za makala zinkagwira ntchito pa madigiri a m'ma 1,200. Chimene chinkasanduka madzi m'ng'anjomo ndi mphala, osati chitsulo. Mpweya wochokera m'makala oyaka unkachotsa okosijeni m'nthale, ndipo chitsulo chinkatsala ngati chibuluma chokhala ndi timaenje, chimene wosula ankachimenya kuti mphala yotsala ituluke. Chifukwa chake kunena kuti makolo "ankasungunula chitsulo" n'kuphonya pang'ono. Mneni woyenera ndi "kuyenga", amene amatanthauza kulekanitsa chofunika ndi zinyalala, monga m'mene amayi amayengera mafuta a nsatsi.

Mkuwa, Mtovu ndi Ndalama

Chitsulo chachiwiri chimene Achewa ankachidziwa bwino chidali mkuwa. Wambiri unkachokera kutali, ku Katanga ndi ku dera la Zambia limene lero limatchedwa Kopala, ndipo amalonda monga Abisa ankaunyamula utaumbidwa ngati mipiringidzo kapena mitanda. Mitanda yotere idafukulidwa pa Ingombe Ilede pafupi ndi mtsinje wa Zambezi. Mkuwa ndi wofewa kwambiri moti sungasulidwe khasu, koma suchita dzimbiri lofiira ndipo umanyezimira, kotero unkapangidwa mphete, zigwinjiri ndi zokometsera za mafumu. Amalonda a kugombe atayamba kubweretsa waya wachikasu, umene ndi mkuwa wosanganiza ndi zinki, anthu adautchanso mkuwa. Umu ndi m'mene dzina limodzi lidayambira kuimira zinthu zitatu: mkuwa weniweni, mkuwa wosanganiza ndi zinki, ndi mkuwa wosanganiza ndi tini.

Mtovu udadziwika kwambiri pamodzi ndi mfuti za gogodela, popeza umasungunuka pa madigiri 327 okha, ndipo mlenje ankatha kuumba zipolopolo zake pa moto wa nkhuni. Golide ndi siliva sizidali ndi malo aakulu m'moyo wa m'midzi, ngakhale Apwitikizi ankazifunafuna m'chigwa cha Zambezi. M'chaka cha 1616 Gaspar Bocarro adadutsa m'dziko la Amaravi pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa atanyamula zitsanzo za siliva wa ku Chicoa. Mawu amene adatsalira m'chiyankhulo kuchokera ku malonda a nthawi imeneyo ndi "ndalama", amene akatswiri amati gwero lake ndi "dirham" ya Aluya. M'Chishona mawu omwewo, "ndarama", amatanthauza golide, pamene m'Chichewa adasiya kutchula chitsulo n'kuyamba kutchula chilichonse chogulira zinthu, ngakhale chapepala.

Kuzima kwa Ng'anjo ndi Kudza kwa Mawu Obwereka

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zinthu zidasintha. Kampani ya African Lakes, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1878, idatsegula masitolo a Mandala, ndipo njanji yochokera ku Nsanje idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Makasu a m'sitolo adali otchipa poyerekeza ndi khasu limene linkafuna masiku ambiri okumba nthale, otentha makala ndi oyenga. Osula adapezanso kuti zidutswa za zitsulo zotayidwa zinkasulika popanda kuvutika ndi ng'anjo. Pofika zaka za m'ma 1930, ng'anjo za ku Kasungu zidali zitazima. Chipala chidapulumuka, ndipo mpaka lero amisiri amasula nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku masipuling'i a galimoto, koma mawu a pa ng'anjo adatsala pakamwa pa nkhalamba zokha.

Mwamwayi, ena mwa mawuwa adalembedwa. Mtanthauziramawu wa David Clement Scott wa m'chaka cha 1892, umene Alexander Hetherwick adaukonzanso m'chaka cha 1929, sunkangomasulira mawu okha, komanso unkafotokoza ntchito ndi miyambo ya Amang'anja. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka m'chaka cha 1922 motsogozedwa ndi William Murray, adakumana ndi mayina asanu ndi limodzi a zitsulo pa ndime imodzi ya Numeri 31:22. Atatu adawapeza m'chiyankhulo, ndiwo chitsulo, mkuwa ndi mtovu. Golide ndi siliva adabwereka ku Chingerezi, ndipo tini adamutcha "seta", mawu amene sadazike mizu kunja kwa Baibulo. M'buku lomwelo mawu oti ng'anjo, mtapo ndi mphala adasungidwa, kotero kuti Amalawi ambiri lero amamva za ng'anjo m'nkhani ya Sadrake, Mesake ndi Abedinego, osadziwa kuti agogo awo adali nazo kuseri kwa mudzi.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo katundu watsopano adadza ndi mayina ake. "Msomali" ndi "sefuliya" zidadzera ku Chiswahili. "Lata" ndi mawu a Chipwitikizi, ndipo malata ofolerera nyumba ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki kuti chisachite dzimbiri. "Chitini" ndi "waya" zidachokera ku Chingerezi, ngakhale chitini cha nsomba kapena cha mkaka ndi chitsulo chongopakidwa tini pang'ono. Golide atapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, amuna zikwizikwi adayamba kupita ku Joni, ku Southern Rhodesia ndi ku Kopala, ambiri kudzera m'bungwe la Wenela, ndipo adabwerako ndi mawu oti "mgodi", ochokera ku "umgodi" wa Chizulu. Ulendo umenewu udali ndi misozi yake. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi kwa zaka zingapo. Koma mawu oti mgodi adali atakhazikika kale, ndipo adakankhira mtapo kwa oumba mbiya.

Za Kalembedwe

Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, boma lidakhazikitsa Bungwe la Chichewa m'chaka cha 1972. Bungweli lidatulutsa malamulo a kalembedwe m'chaka cha 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo ntchito yake idapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi kuyambira m'chaka cha 1996. Kusintha kwa kalembedwe kumaoneka bwino m'mayina a zitsulo. Mabuku akale ankalemba "citsulo", monga m'mene Chinyanja cha ku Zambia chimalembera, pamene ku Malawi kudakhazikika "chitsulo". "Golidi" adasanduka "golide", ndipo malembo a "bv" amene ankapezeka m'mawu oti mtovu adachotsedwa.

Malamulo atatu amatsogolera kalembedwe ka mayina obwereka. Loyamba, phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake pamalembedwa "zinki" ndi "golide". Lachiwiri, malembo a liwu awiri kawirikawiri amalekanitsidwa ndi "y" kapena "w", monga m'mawu oti "aluminiyamu" ndi "ayironi". Lachitatu, "r" amalembedwa pambuyo pa "i" kapena "e", ndipo kwina konse pamalembedwa "l". Potsata lamulo lachitatuli, chitsulo cha ku Kayelekera chiyenera kulembedwa "yuleniyamu", ngakhale olemba nkhani ambiri amalemba "yureniyamu". Komabe "siliva" amaphwanya lamulo lomwelo, ndipo palibe amene angavomere "siriva" patatha zaka zoposa 100 anthu akuwerenga siliva. Apa m'pofunika nzeru: mawu ozika mizu asiyidwe m'mene alili, koma atsopano atsate lamulo asanazolowereke molakwika.

Pa za galamala, mkuwa ndi mtovu zili m'gulu la Mu-Mi, motero pamanenedwa kuti mkuwa "uli" m'bokosi. Mayina obwereka monga golide ndi aluminiyamu amalowa m'gulu la Mu-A, ndipo pamanenedwa kuti golide "ali" m'bokosi, aluminiyamu ndi "wopepuka". Olemba ayenera kusunga mgwirizano umenewu kuyambira pachiyambi cha nkhani mpaka pamapeto.

Zitsulo za Masiku Ano

Sayansi imadziwa maelementi 118, ndipo oposa 90 ndi a m'banja limene Chingerezi chimati "metals". Ena mwa iwo safanana n'komwe ndi chimene Mchewa amachitcha chitsulo. Mekyule ndi wamadzimadzi, ndipo sodiyamu amadulika ndi mpeni. Azaumoyo adaona kale vutoli. Polangiza amayi oyembekezera sanena kuti m'magazi mwawo mukusowa chitsulo, koma "ayironi", ndipo mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa mapiritsi a "zinki".

Miyala ya m'nthaka ya Malawi yawonjezera mayina ofunika kutchulidwa. Mwala wotulutsa aluminiyamu udapezeka pa phiri la Mulanje m'chaka cha 1924. Mgodi wa yuleniyamu wa Kayelekera m'boma la Karonga udatsegulidwa mu 2009, udaima mu 2014, ndipo udayambanso mu 2025. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli niyobiyamu, amene amathiridwa pang'ono m'chitsulo kuti chilimbe. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli mchenga wa lutayilo, umene umatulutsa utoto woyera wa penti ndiponso titaniyamu wopangira ndege. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe m'boma la Phalombe kuli miyala yotulutsa zitsulo zopangira maginito amphamvu a galimoto zoyendera magetsi. Zonsezi, pamodzi ndi malasha a ku Mchenga ndi miyala yofiira yokongoletsera ya ku Chimwadzulu, m'nkhani zambiri zimangotchedwa "miyala ya mtengo wapatali". Mlimi amene waitanidwa ku msonkhano wokambirana za munda wake sangadziwe kuchokera m'mawu amenewa chimene chidzakumbidwe, kuchuluka kwa dothi lodzafukulidwa, ngakhale mtundu wa zinyalala zodzatsalira pafupi ndi chitsime chake.

Palinso kagulu ka maelementi amene ali pakati, osakhala zitsulo kwenikweni koma okhala ndi makhalidwe ena a zitsulo. Otchuka ndi asanu ndi mmodzi, ndipo mwa iwo muli silikoni, amene amayengedwa kuchokera ku mchenga ndipo ndiye mtima wa masola, mafoni ndi makompyuta, boloni wolimbitsa magalasi, ndi aseniki amene ndi poizoni. Gulu limeneli lilibe dzina lokhazikika m'Chichewa.

Kusowa kwa mayina osiyanitsa kumaika miyoyo pangozi. Mtovu, umene umapezeka m'mabatire a galimoto ndi m'mapenti ena, umawononga ubongo wa ana. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe m'dziko la Zambia udatsekedwa m'chaka cha 1994, koma fumbi lake lidasiya ana ambiri a m'tauniyo ali ndi mtovu wochuluka m'magazi. Mekyule, amene okumba golide ena amagwiritsa ntchito posonkhanitsa timibulu ta golide, amawononga mitsempha akapumidwa ngati nthunzi, n'chifukwa chake mayiko adagwirizana za Pangano la Minamata m'chaka cha 2013. Chenjezo longonena kuti "samalani ndi zitsulo zoopsa" silingathandize mmisiri woumba mapoto kuchokera ku zidutswa za aluminiyamu kudziwa chidutswa choyenera kutaya. Ndipo popeza alipo amene amasokoneza mtovu ndi mkuwa, chenjezo lolembedwa mosasamala lingachititse munthu kuopa waya wa magetsi n'kumaseweretsa za m'kati mwa batire.

Mawu Omaliza

Kuchokera m'mbiri imeneyi mukutuluka malangizo anayi amene akuperekedwa kuti akatswiri ndi aphunzitsi awaunike.

Choyamba, mawu akale abwezeredwe pa ntchito. "Nthale" angatchule mwala uliwonse wotulutsa chitsulo, monga nthale ya aluminiyamu kapena nthale ya mkuwa. "Mphala" angatchule zinyalala za m'fakitale yoyengera, ndipo "kuyenga" kusiyanitsidwe ndi "kusungunula". Mawu oti "miyala ya mtengo wapatali" asiyidwire miyala yokongoletsera yokha.

Chachiwiri, popeza anthu adazolowera kale, "zitsulo" likhale dzina la banja lonse, koma m'mabuku a sukulu ndi m'mauthenga a zaumoyo chitsulo chilichonse chitchulidwe ndi dzina lakelake. Pamene pangakhale chisokonezo, chitsulo cha khasu chitchedwe "ayironi", ndipo chimene chathiridwa kaboni pang'ono chitchedwe "chitsulo cholimbitsidwa".

Chachitatu, mkuwa usiyanitsidwe ndi afotokozi: "mkuwa wofiira" ukhale weniweni uja wa mawaya a magetsi, "mkuwa wachikasu" ukhale wosanganiza ndi zinki, ndipo wa mabelu ndi mendulo utchedwe "mkuwa wa tini". Maelementi a pakati aja angatchedwe "zongazitsulo", ndiko kunena kuti zinthu zonga zitsulo.

Chachinayi, pamene palibe mawu a makolo, kubwereka si manyazi, malinga mawuwo alembedwe motsata malamulo a kalembedwe ndipo onse olemba agwirizane pa kalembedwe kamodzi.

Ntchito imeneyi ifulumire. Nkhalamba zimene zidayenga chitsulo kwa Chulu zidali kale zokalamba zaka zoposa 40 zapitazo, ndipo amene atsala ndi osula a m'misika ndi amayi oumba mbiya, amene akudziwabe mtapo ndi chipala. Ofufuza mawu ayambe kucheza ndi anthu amenewa asanatsegule mtanthauziramawu wa Chingerezi, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.